Amalinyero a Pakhoma

Mumsewu monse muja munalibe wosadziwa kuti a Bonzhu, ometa tsitsi pafupi ndi sitolo ya penti, anakhalapo zaka zitatu pa sitima ya Afalansa akumeta amalinyero. Dzinalo analipata chifukwa cha moni wawo wa m'mawa wa Chifalansa. Amene ankadziwa kuti zaka zitatuzo anathera kwa amalume awo akumata matayala anali a Bonzhu okha, ndipo nawonso masiku ena ankaiwalako. Madzi aakulu amene anawolokapo chibadwire anali a m'ngalande ya kuseri kwa msika.

Amalinyero anzawo aja onse anali pakhoma. Chinali chipepala cha masitayilo a tsitsi chimene anachipeza m'katoni ya makina ometera: mitu makumi awiri, pansi pa mutu uliwonse dzina. Anachimata kumbuyo, pamwamba pa benchi ya makasitomala, moti akamameta ankachiona pagalasi. Sukulu analekezera kalasi yachisanu, koma pa zowerenga chobwerera m'galasi anali ndi digiri. Kuloweza ndiye ayi, mutu wawo unali sefa. Nkhani ikafuna dzina, diso pagalasi, basi Marcel wabadwa, wophika wa pa sitima amene ankalira akakumbukira mayi ake.

Ndiye taonani tsoka. Mwa amuna onse a m'tauni, mwana wawo wamkazi anakasankha mphunzitsi wa Chifalansa. Miyezi inayi a Bonzhu akukana kuti mnyamatayo aponde pakhomo. Kwa akazi awo ankati ngwowonda, ankati nsapato zake n'zosongoka ngati za munthu wosakhazikika. Chifukwa chenicheni ankachidziwa okha: mkamwini wotere akhoza kukufunsa kafunso kamodzi patebulo, sitima yonse n'kumira mbale zisanachotsedwe.

Loweruka lina masana mphunzitsiyo anangotulukira, n'kupereka moni mwaulemu, n'kukhala pampando kuti ametedwe. Kasitomala sabwezedwa. Benchi inali yodzaza, ndipo pakati pake panali a Nyundo, owotcherera zitsulo, chimunthu chamsana ngati chitseko, amene kwa zaka zambiri ankamvera nkhani za sitima diso limodzi ali chitsinzinire. Iwowa ndi amene anafunsa mphunzitsi kuti ana amawaphunzitsa bwanji chilankhulo cholankhulira m'mphuno chija. Mnyamatayo anafotokoza kuti ali ndi kamasewera: wina atchula dzina la Chifalansa, mnzake ayankhe ndi dzina loyamba ndi chilembo chimene loyambalo lathera. Kubwereza kulibe. Wosowa dzina wagonja.

"Apa ndiye pabwino," anatero a Nyundo. "Wa buku ndi wa sitima. Tione lero amene anamwadi madzi amchere."

A Bonzhu anaseka kuseka kwa munthu woponda msomali pamaso pa apongozi. Anati iwo sapikisana ndi ana. Benchi inati ayi, achite. Mumtima anadzitukwana: pakamwa iwe, zaka makumi awiri ukundiyendetsa panyanja, lero wandifikitsa padoko.

"Pascal," anayamba mphunzitsi.

Diso pagalasi, mzere wapamwamba, mutu wa mpata pambali. "Lucien. Ankandibera sopo ameneyo."

"Norbert."

"Thierry."

"Yves."

"Serge," anatero a Bonzhu, makina akulira bwinobwino m'dzanja. Mpaka anayamba kudzimva kukoma, n'kuwonjezera kuti Serge ameneyo anali ndi chipsera pachibwano.

Pamenepo a Nyundo anaimirira kuti awongole miyendo, n'kutsamira khoma. Kaya anachita dala kaya ayi, a Bonzhu sanadziwe mpaka lero. Amalinyero onse anamira kuseri kwa msana uja. Chinatsala ndi khutu limodzi la Marcel.

"Edmond," anatero mphunzitsi.

Dzina loyenera linalipo, a Bonzhu ankalidziwa pokhala pake: mzere wachitatu, mutu wa tsitsi lopotana, pansi penipeni pa phewa la a Nyundo. Nkhope ankaikumbukira, dzina ng'o. Anazimitsa makina n'kuyamba kuwathira mafuta. Anawapukuta. Anatsokomola. Anati pa sitima munthu sankayankha mothamanga. Thukuta linatsika m'khosi mpaka m'lamba, a Nyundo akumwetulira ngati mphaka pakhomo la khola.

Mphunzitsi anakweza maso. Pagalasi anaona maso a a Bonzhu, n'kuwatsata kumene ankapita, mpaka pa kakhutu kaja. Anayang'anitsitsa nthawi yokwanira kumeza malovu kawiri. A Bonzhu anaona kuti waona. Mumtima anangoti kwatha, mawa ndikagule guluu ndibwerere ku matayala.

"A Nyundo, pepani, takhalani pansi," anatero mnyamatayo. "Mukutchinga kuwala, bambowa angandidule khutu. Ndili nawo awiri okha."

Benchi inaseka, ndipo a Nyundo anakhala.

"Didier," anatero a Bonzhu, mawu akutuluka ngati a munthu wovuulidwa m'chitsime.

Tsopano pagalasi panali maso anayi. Mphunzitsi anaganiza pang'ono, akuyang'ana komweko, n'kutchula Regis, ngati munthu wopatsira mpira mnzake ali yekha pagolo. A Bonzhu anangogunda: "Sylvain."

Mnyamatayo anakanda mbali yometedwa kale. Anayang'ana kudenga. Anapukusa mutu n'kunena kuti mayina amuthera, buku silingapose munthu amene anakhala nawo eni ake. Chonsecho Nicolas anali pomwepo, mzere wapansi, ndi tsitsi lake lonyambita, akuwayang'ana onse awiri.

Benchi inawomba m'manja. A Nyundo anati mwina sitimayo inaliko ndithu, koma anatero akuyang'ana panja. A Bonzhu analandira ulemu wonsewo ndi nkhope ya munthu wozolowera kupambana. Anamaliza kumeta mosamala kuposa mmene anametera munthu aliyense chaka chimenecho.

A Bonzhu akumusasa tsitsi m'khosi, mphunzitsi analankhula motsitsa, milomo yokha.

"Chipepala chija chazilala, bambo. Wa pakona uja sakuwerengekanso."

"Ameneyo anafera panyanja," ananong'ona a Bonzhu. Anakutumula nsalu kawiri. "Mawa mubwere kwathu, timadya dzuwa lili pamutu. Musachedwe, mayi akunyumba sakonda zodikira. Koma za sitima patebulo ayi."

"Ine ndimachita chizungulire ndi nkhani za madzi, bambo."

Atafika kunyumba a Bonzhu anauza akazi awo kuti mawa awonjezere mbale imodzi. Mayiwo anafunsa kuti nanga kuwonda kuja, nanga nsapato zija. A Bonzhu anavula malaya, n'kukhala pansi ngati munthu wobwera ulendo wautali.

"Chifalansa chake n'choperewera," anatero. "Koma mwanayo ngwoleredwa."