Timiyala ta M'mutu wa Salimoni

Walije ankamaliza kumung'unya mutu wa salimoni pamene foni inalira. Anali Macfussy, mnzake wa m'khitchini ya hotela.

"Achemwali, mutu wa nsomba uja munatenga ndinu? Shefu akuufuna pompano."

Kuhotelako mitu ya nsomba amangotaya, choncho Walije ankaitenga n'kukaphika komwe ankakhala ku Al Nasr, m'dziko la Aluya lomwe anabwera kudzagwira ntchito.

"Ndadya kale. Kwagwanji?"

"Kwabwera mayi wofufuza za nsomba. Akuti m'mutumo muli timiyala tiwiri tosonyeza zaka za nsombayo ndi mtsinje umene inabadwira."

Walije anadumpha. Timiyalato anali atatilavulira m'mphepete mwa mbale, monga amachitira akamadya chambo. Anatikulunga m'tishu n'kuthamangira takisi. "Yalla, driver, yalla! Fulumirani!"

Walije atafika kuhotela, mayiyo anaika timiyalato pa makina oonera tinthu tating'ono, n'kumuuza kuti asuzumire. Walije anaona mizere yozungulira ngati ya pachitsa cha mtengo.

"Mtsinje wake tikadziwira ku labu," anatero mayiyo. "Koma yakhalitsa m'nyanja, ndipo anaigwira ikubwerera kwawo."

Walije anasuzumiranso, osaphethira.

"Inali pa ulendo wakwawo? Ine n'kuidya ndi tomato."