Foni Yosinthana ndi Ukonde

Philomena ankayanika nsomba pathandala pamene mwamuna wake Samson anafika ndi ukonde watsopano paphewa.

"Mwautenga kuti umenewo?"

"Ndasinthana ndi Ba Ricardo a ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje. Ndawapatsa foni yathu yakale ija. Akuti ikhale ya akazi awo, Ba Nilza."

Philomena anakhala pansi, manja ali mchere wokhawokha. Foniyo ankaigwiritsa ntchito onse awiri asanagule ina. Munali chithunzi cha khadi lake la kusikelo, ndi mauthenga a mawu amene ankatumizirana ndi mkulu wake wa ku Lusaka. Anali ndi pakati pa miyezi itatu. Kawiri konse anapita padera, ndiye ulendo uno anagwirizana kuti asauze munthu mpaka mimba itaoneka yokha. Ngakhale apongozi sankadziwa.

"Ba Nilza?" anatero. "Amene akamva kanthu m'mawa, masana yafika kutsidya ndi kuno komwe?"

"Usade nkhawa, Philo. Simu ndachotsa. Nayi m'thumba."

"Nanga zithunzi?"

Samson anayang'ana kasimuko m'dzanja lake.

Onse awiri anapita kwa Arlete, mnansi wawo amene amagulitsa tokotaimu, mayunitsi a foni, pansi pa mtengo wa masau. Arlete ali m'gulu la pa WhatsApp la anthu ocheza za mafoni, ena mwa iwo ophunzira kupanga maapu a m'foni. Philomena anangoti m'fonimo muli za m'nyumba, ndipo Arlete sanafunse kuti n'zotani. Analemba pagulupo osatchula dzina la munthu: "Anzanga, munthu akachotsa simu n'kupereka foni, zithunzi zimachoka?"

Mayankho sanachedwe. Arlete anawerenga loyamba akuseka: "Amene uja wangochotsa nkhafi m'bwato. Nsomba zonse zatsala momwemo!" Wina analongosola bwinobwino zoyenera kuchita.

"Ba Samson, simu imasunga nambala yanu," anatero Arlete. "Zithunzi ndi mauthenga zimakhala m'foni mwenimwenimo, zina m'kamemore kadi. Boti ya ku Zumbo inyamuka nthawi yanji?"

"Ikangodzaza."

"Ndiye tikhaliranji? Tengani njinga."

Samson anapalasa, Arlete ali pakaliya. Philomena anatsatira wapansi pang'onopang'ono, akupemphera chamumtima.

Padoko anapeza Ricardo akukweza matumba m'boti.

"Ngati mwabwera kudzabweza ukonde, mwachedwa, bwenzi!" anakuwa Ricardo.

"Iyayi, ukonde uli bwino," anatero Samson. "Nkhani ndi foni ija. Tinaiwala kusesa m'nyumba tisanakupatseni."

Ricardo anatulutsa foni yokulungidwa m'pulasitiki. "Iyi? Munandipatsa yakufa ndi njala. Sinayake n'komwe. Ndimati ndikaitchaje kunyumba."

Samson anapuma mpweya wautali, n'kukhala pathumba la Ricardo.

Arlete analumikiza foniyo ku kabatire kake koyenda nako. Itayaka, anaipereka kwa Philomena, amene anali atangofika.

"Gwirani ndinu, mayi. Ine ndizingonena, sindiyang'ana."

Poyamba Philomena anatumiza ku foni yatsopano zithunzi zimene ankafuna kusunga. Kenako anatsegula kumbuyo n'kuchotsa kamemore kadi, kamene Samson sankadziwa n'komwe kuti kalimo. Anatuluka mu akaunti ya imelo ndi ya Facebook. Pomaliza Arlete anamuonetsa pofufutira zonse, kuti foni ikhale ngati yangochoka m'shopu.

"Ikufunsa ngati ndatsimikiza," anatero Philomena.

"Mwatsimikiza?"

"Kwambiri."

Anadina. Foni inazima, n'kuyakanso yopanda kanthu.

Mwini boti anali atayamba kale kuitana anthu. Ricardo analandira foniyo, koma anaima kaye akukanda kumutu.

"Amayi, ine yanga yakale ndinapatsa mlamu wanga chaka chatha. Nanenso ndinangochotsa simu."

"Munali chiyani?" anafunsa Samson.

"Zimenezo zisiyeni, bwenzi," anatero Ricardo, akudumphira m'boti. Onse anaseka, ndipo Philomena ndiye anaseka kwambiri mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

Pobwerera, Arlete anawathandiza kuika nambala yotsekera foni yatsopano, yodziwa awiri okha.

Patapita miyezi iwiri, Philomena anapita yekha kwa apongozi ake, nakhala nawo pamphasa, n'kuwauza ndi pakamwa pake. Apongoziwo analulutira mpaka nkhuku kubalalika. Ba Nilza anamva tsiku lotsatira, pamodzi ndi wina aliyense.

Abale, foni imasunga zambiri kuposa simu. Musanaigulitse, kuisinthanitsa kapena kuipereka kwa wachibale, sungani kaye zofunika, chotsani simu ndi memore kadi, tulukani mu maakaunti anu, ndipo fufutani zonse. Ngati simudziwa, funsani munthu wokhulupirika, koma foniyo ikhale m'manja mwanu. Nkhani ya m'nyumba mwanu ndi yanu, ndipo woyenera kuiulula ndinu, pa nthawi imene mwasankha.