Polishi pa Mkono wa Malaya

Mayi Telala anali atatopa, ndipo sikunali kutopa kuja kumene kumatha munthu akagona. Kunali kutopa kolowa m'mafupa, kogona nako n'kudzuka nako. Chibwerereni amuna ake kuchipatala, kumene matenda ofa ziwalo anawapha mbali yamanzere n'kuwamanga lilime, tsiku lake linkayamba chimodzimodzi: kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuchotsa nsalu zonyowa, kenako ntchito imene inkamuwawa koposa zonse, kuwaveka ngati akupita ku ukwati.

Amunawo anthu ankawatchula a Lipenga, ndipo dzinali analitola m'basi. Anali dalaivala. Asanalize injini ankatembenuka n'kuuza okwera kuti Ambuye Yesu abweranso, lipenga lidzalira, akufa adzadzuka, choncho aliyense akhale wokonzeka chifukwa tsikulo palibe amene anauzidwa. Ena ankavomera kuti ameni, ena ankati tiyeni tizipita bambo, tichedwa kuntchito. Kunyumba nako kunalibe kupuma. Loweruka lililonse ankandandalika nsapato za banja lonse pakhonde n'kuzipukuta mpaka munthu kudziona nkhope, uku akunena kuti m'nyumba mwawo simudzapezeka munthu wotuwa tsiku limenelo.

Tsopano mawu onse aja anali atawathera. Anatsala ndi "ee", "ayi" ndi kubuula. Koma nkhani yokonzeka ija sinafe nawo ziwalo. Akapanda kuvekedwa malaya oyera, tayi, masokosi ndi nsapato zopukuta, n'kukhazikidwa pampando wa pazenera loyang'ana kum'mawa, ankamenya ndodo pansi mpaka anansi kumva, ndipo chakudya ankachikana. Kunja kwa zeneralo kunalibe chodabwitsa: khoma la nyumba yoyandikana, waya woyanikapo zovala, ndi kachidutswa ka thambo pamwamba pake. Kachidutswako ankakayang'ana tsiku lonse ngati mlonda.

Anali bambo wathupi, ndipo munthu wakufa mbali amalemera kawiri. Mayi Telala ankawakumbatira m'khwapa, n'kuluma mano, n'kuwakwakwaza kuchoka pabedi kufika pampando. Kenako ankagwada kuti alowetse phazi lakufalo mu nsapato, phazi losamva kanthu, longopindika paliponse. Akamadzuka pamenepo msana unkamulasa mpaka kuona nyenyezi masana. Akatero ankapita kukhonde lakuseri kumene kunali makina ake osokera, n'kuyamba kupalasa mayunifolomu a ana a eni ake.

Chimene chinkamupsetsa mtima kwenikweni chinali mkono wa malaya. Madzulo aliwonse mkono wakumanja, wa dzanja lamoyo lija, unkapezeka wakuda bii ndi polishi. Malaya oyera analipo awiri okha, ndiye kunali kuchapa, kufikisa, kuyanika, kusita, mawa chimodzimodzi.

"Inu abambo, nsapato zanuzi ndapukuta kale m'mawa," ankatero akuwavula tayi. "Mukuzigwiriranji? Ambuye akabwera adzaona nsapato kapena mtima?"

A Lipenga ankangoloza pansi pa katebulo ka pazenerapo, pamene pankakhala chitini cha polishi kuseri kwa nsalu yolendewera, n'kubuula. Tsiku lina Mayi Telala anachibisa chitinicho. Bambowo anamenya ndodo tsiku lonse, phala analikankhira pansi, ndipo iye anachibweza pamalo pake, chivindikiro chosatseka monga mwa masiku onse, akung'ung'udza.

Kutchalitchi anali atasiya kupita, poti akanawasiya ndi yani? M'malo mwake tchalitchi chinkabwera chokha Lamlungu masana. A mpingowo ankadzaza pabalaza, mkulu wa mpingo patsogolo, n'kuyimba mokweza, n'kumwa tiyi. Kenako mkuluyo ankapukuta magalasi ake n'kuyamba kuwerengera zizindikiro za masiku otsiriza. Nkhondo izo. Zivomezi izo. Miliri yosadziwika mayina, ana osamvera makolo, chikondi chozirala. Zonse zakwana, ankatero, changotsala n'kuti mitambo itseguke. A Lipenga ankagwedeza mutu, misozi ili chuchuchu tsaya limodzi.

"Ndipo tsikulo silidzayang'ana ukwati," anatero mkuluyo Lamlungu lina, atakweza chala. "Anthu ogona bedi limodzi, wina adzanyamulidwa, mnzake n'kutsala ali kukamwa yasa."

Mayi Telala anali atayima pakhomo ndi thireyi ya makapu. Mumtima anati, ngati zili choncho ndiye wotsalayo apumeko. Anachita manyazi ndi ganizolo, koma silinachoke. Alendowo potuluka anamuyamikira mmodzimmodzi. Ndinu mayi wolimba, Mulungu akuona, korona wanu ndi wamkulu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti kodi bambowa mumawabweza bwanji pabedi.

Choncho mwana wawo wachisamba ataimba foni, iye sanakane. Mwanayo ankakhala kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pagalimoto, ndipo anati wapeza munthu wodziwa kusamalira odwala, chipinda chiliponso, abambo akakhale kumeneko. Nyumba inali yaing'ono, malo a anthu awiri ndi makina osokera panalibe, komabe amayi azibwera kudzawaona.

"Amayi, mukapitiriza chonchi tiyika maliro anu abambo akuonerera," anatero pafonipo.

"Bwera udzawatenge," anayankha. Mawuwo anatuluka mosavuta mpaka iye mwini anadabwa.

Mayi Telala anawauza a Lipenga usiku womwewo akuwafunditsa. Anati ndi kwa mwana wanu, si kuchilendo, zenera loyang'ana kum'mawa kulinso. Bambowo anati "ayi". Koma "ayi" ankanena ngakhale pa mankhwala, ndiye iye anazimitsa nyali.

Mwanayo anafika Lachisanu madzulo, ndipo Loweruka m'mawa Mayi Telala anawaveka amuna ake komaliza. Anamanga tayi mosamala kuposa masiku onse, osawayang'ana m'maso. Analongedza sutikesi: malaya enawo, mabulangete, mankhwala, bulashi ya nsapato. Mwanayo ankangoyendayenda pabalaza makiyi ali m'manja, akuyang'ana kumwamba kumene mitambo inayamba kuda.

"Tinyamuke mvula isanatipeze, amayi. Adadi, tiyeni, ndikunyamulani ndine lero."

Anawerama kuti awagwire m'khwapa. A Lipenga anamukankha ndi chigongono, mwamphamvu, mpaka mnyamata wa ndevu zake uja anadzandira.

"Adadi, n'chiyani?"

Bambowo analoza pansi pa katebulo.

"Akufuna polishi wawo," anatero Mayi Telala motopa. "Tenga chitinicho uwapatse, apo ayi sitichoka pano. Ukamuuze munthu wakoyo kuti agule sopo wambiri."

Mwanayo anatulutsa chitinicho n'kuwaikira pamwendo. A Lipenga anachikankhira pansi. Anatenga ndodo yawo, naitembenuza kuti kokhota kukhale kutsogolo, n'kuilowetsa kuseri kwa nsalu ya patebulo. Anachita zimenezi mosafufuza, ngati munthu amene wazichita kambirimbiri. Anakoka. Panatuluka nsapato yachikazi yakuda, ya chidendene chachifupi. Anabwezanso ndodoyo, inzake n'kutuluka.

Zinali nsapato za Mayi Telala za kutchalitchi. Anazikankhira pansi pamenepo tsiku limene amuna ake anabwera kuchokera kuchipatala, ndipo sanazikumbukenso. Anagwada, msana ukudandaula, n'kukweza nsaluyo. Pansi pa katebulopo panali fumbi ndi akangaude, poti tsache silinkafikako. Koma nsapatozo zinali phuliphuli, zowala kuposa za eni ake a polishiwo, ngakhale kuti m'mbali mwa zidendene polishi anali atapakika mokhuthala, mopotoka, mmene dzanja limodzi lingathere.

Anayang'ana nsapatozo, nayang'ana mkono wa malaya umene anausita m'mawa womwewo. Anawaona m'maganizo bambo aja ali okha pabalaza, makina akulira kuseri, atapana nsapato pakati pa mawondo, bondo lina losamva, akutapa polishi ndi chala n'kupukuta ndi mkono wa malaya chifukwa bulashi iye ankaiika pamwamba pa kabati. Tsiku ndi tsiku. Ndipo madzulo aliwonse iye ankawakalipira.

A Lipenga anakankha nsapatozo ndi ndodo mpaka zinagunda mapazi ake. Mapaziwo anali mu patapata wakutha, zidendene zong'aluka, ulusi woyera utamatirira pachala. Pakamwa pa bambowo panagwedera, panapotoka, mtsempha wa pakhosi unatupa. Mawu anatuluka olemera ngati akuwakoka m'chitsime.

"To... tonse."

Mwanayo anayang'ana amayi ake. Chichokereni kuchipatala, abambo ake anali asananenepo mawu ena kupatula aja awiri.

Mayi Telala sanalire msanga. Choyamba chinabwera ndi mkwiyo, ndipo anaulankhula.

"Ndiye sopo wanga yense uja ankathera zimenezi? Manja anga kusupuka chifukwa cha nsapato zanga zomwe? Inu abambo inu, simukanatha kungondikoka chovala n'kundionetsa?"

"Ee," anatero a Lipenga, ndipo zinali zoona, ankaloza tsiku lililonse.

Apo m'pamene anakhala pansi pasimenti, nsapato zili pamiyendo, n'kulira. Sikunali kulira kokoma. Ankalira chifukwa anatopa, chifukwa anali atawerengera kale kuti mawa adzuka dzuwa litakwera, chifukwa miyezi yonseyi ankaganiza kuti bambowa akudikira Ambuye wawo okha, iye ali wantchito wongowakonzekeretsa ulendo. Mawu a mkulu wa mpingo aja anamubwerera, a wina kunyamulidwa mnzake n'kutsala. Galimoto inali panja, chitseko chakumbuyo chili chotsegula, ndipo amene anaiitana anali iye mwini.

"Amayi," anatero mwanayo mofatsa, "izi sizikusintha kanthu. Msana wanu ndi womwewo."

"Ndikudziwa. Ukuganiza kuti polishi wachiritsa msana?" Anapukuta nkhope ndi m'mphepete mwa diresi. "Tsitsa sutikesiyo."

"Amayi, tinagwirizana."

"Tinagwirizana ine ndi iwe. Bambo akowa anakana, ine ndiye sindinamve. Ngati ukufuna kundithandiza, munthu wakoyo, kaya wina wa kuno konkuno, azibwera m'mawa kudzawanyamula, madzulo kudzawabweza pabedi. A mpingo aja ndiwauzanso mawa, asamangomwa tiyi, manja ali nawo. Kuveka ndiziveka ndekha."

"Nanga mukadwala inu?"

"Ukadzamva kuti ndagwa, udzabwere ndi galimoto yokwana anthu awiri. Makinawo adzatsale."

Mwanayo anayima kanthawi, akuseweretsa makiyi. Kenako anatuluka, ndipo amayi ake anamumva akutseka chitseko cha galimoto n'kukoka sutikesi pakhonde.

Mayi Telala anavula patapata uja. Mapazi anali atatupa chifukwa choyima ndi kupalasa makina, ndipo nsapatozo zinakana. Anakanikiza, nalowetsa chala kuchidendene, natukwana pang'ono chamumtima, mpaka zinalowa. Zinkaluma zala koopsa. Anakoka mpando wake wosokera kuchokera kuseri, nauika pafupi ndi wa amuna ake, n'kukhala. Mayunifolomu anali mulu pamakina, eni ake abwera Lolemba, koma anawasiya.

Pa kachidutswa ka thambo kaja panalibe mngelo kapena lipenga. Panali mitambo yakuda ya mvula basi, ndipo madontho oyamba anayamba kugwera nsalu za pabedi zimene anayanika m'mawa. Anaziona zikunyowa, osadzuka.

"Akabwera lero Ambuye anuwo," anatero, maso ali pazenera, "muwauze ayambe kunyamula ine. Inu mwanyamulidwa mokwanira."

A Lipenga anatulutsa kaphokoso kamene kale kanali kuseka. Dzanja lawo lamoyo linafufuza mpaka linapeza lake, n'kuligwira. Iye anayang'ana pansi, naona kuti mkono wa malaya wadetsedwa kale ndi chitini chija anachikankha. Mawa kunali kuchapanso.