Nthenga Yachisanu

Ntchitoyo inafika Lachiwiri m'mawa, ine ndikupukuta fumbi pa makina osindikizira. Abwana analowa akumwetulira, foni ili m'manja. Panali patapita miyezi iwiri ndisanaone mano awo.

"Tsabola, siya kaye kansanzako. Mulungu watikumbukira. Mabasi makumi anayi, zomata mbali zonse ziwiri."

Tsabola ndine. Dzinali anandipatsa sabata yanga yoyamba, nditakalipira kasitomala amene ankafuna ndimuyeretse khungu pa chithunzi cha ukwati.

"Vuto ndi limodzi," anatero Abwana. "Chizindikiro chawo atumiza pa foni, chachimbuuzi. Tikachikulitsa chiphwasuka. Uchijambulenso pa kompyuta, mizere ikhale yakuthwa. Amayi a ku kampaniko abwera masana."

Ndinalandira foniyo. Namzeze akuuluka, mchira wake ukutalika mpaka kusanduka msewu. Wanga anali wabuluu, uyu wobiriwira. Zina zonse zinali zanga.

Miyezi inayi m'mbuyomo kampani ya mabasiyo inalengeza mpikisano wa chizindikiro chatsopano. Wopambana adzalandira mphoto, dzina lake lidzadziwika. Ine sukulu ya zojambula sindinaiponde. Ndinaphunzira ndekha pa foni yosweka galasi, kulakwitsa, kufufuta, kuyambiranso. Masabata atatu ndinkatsalira pa kompyuta ya kuntchito nthawi ya nkhomaliro, anzanga akutafuna panja. Loweruka lina ndinakaima pa depoti tsiku lonse, khosi lili m'mwamba, kuonerera mbalame zomanga zisa pansi pa malata, mpaka mlonda anandifunsa ngati ndili bwinobwino. Yankho la kampani linabwera la mizere iwiri. Akuthokoza tonse mazana awiri amene tinatenga nawo mbali, koma oweruza aona kuti palibe chimene chafika pamene iwo amafuna.

"Abwana, mbalameyi ndi yanga."

"Mbalame zimafanana, mwana iwe."

"Iyi ndi yanga. Ndili nayo pa fulashi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kumwetulira kuja kukuzima pang'onopang'ono.

"Ndiye ntchito yaphweka," anatero. "Koma pakamwa pakopo utsekeko masana ano, wamva?"

Nthawi ya nkhomaliro ndinapita kwa bambo anga. Iwo amalemba zikwangwani pamanja, m'kashedi ka malata kuseri kwa msika. Ndinawapeza akutsuka maburashi oyera kale. Ndinawaonetsa zithunzi ziwirizo, changa ndi cha kampani. Anakweza magalasi awo pamphumi, kenako anawatsitsanso.

"Unawapatsa pepala?"

"Si pepala, bambo. Ndi fayilo."

"Amapita nayo kunyumba?"

"Eya."

"Ndiye ndi pepala."

Analoza bolodi lakuda lotsamira khoma, ndi chitini cha madzi pambali pake. Ndalidziwa bolodilo moyo wanga wonse. Kasitomala akafuna kuona kaye, bambo amajambula ndi choko, munthuyo akuonerera. Akati akaganize kaye, iwo amaviika nsanza n'kufufuta, pomwepo, akucheza naye za mvula.

"Kulawa sitikaniza munthu," anatero. "Pamsika apa mayi wogulitsa mtedza amakupatsa kamodzi ulawe. Koma awa alawa pa mabenchi mazana awiri, abwerera kwawo atakhuta."

"Ndiye ndikanatani? Ndikhale m'shedi ndi choko, kudikira kampani idzandipeze? Masiku ano ntchito sibwera choncho, bambo!"

"Ukundikalipira ine? Ndakubera ndine?"

Anatsukuluza burashi m'chitini, n'kuiimika padzuwa pamodzi ndi zinzake.

"Ukunena zoona," anatero motsitsa mawu. "Sibwera. Chikwangwani chomaliza ndinalemba mwezi watha, cha wometa uja. Ena onse amapita ku makina anuwo. Ine ndilibe nzeru yoti ndikupatse. Ndikungoti mbalameyo ndi yabwino. Mchirawo ine sindikanauganiza."

Amayi a ku kampani anafika itakwana hafu pasiti thuu. Ndinkayembekezera munthu wonyada. Analowa mayi wotopa, nsapato zafumbi, chikwama chodzaza mapepala, n'kupempha mpando asanapereke ndi moni. Abwana anawapatsa wawo.

Ndinatsegula zithunzi ziwirizo pa kompyuta, china kumanzere, china kumanja.

"Amayi, ichi ndi chimene mwatumiza. Ichi ndi chimene ndinatumiza ine ku mpikisano wanu."

"Tsabola," anatero Abwana.

"Musiyeni alankhule," anatero amayiwo. "Achimwene, zinabwera zambiri. Za mbalame zokha zinalipo mwina makumi atatu."

"Werengani nthenga."

"Ndiwerenge chiyani?"

"Nthenga za kumapiko. Phiko lakumanja lili ndi zisanu. Lakumanzere lili ndi zinayi. Ndinafufuta imodzi mwangozi tsiku lotumiza, ndinazindikira zitapita kale. Sabata yonse sindinadye bwino, ndimaganiza kuti ndicho chandigwetsa. Amene anakopera uja anakopera ndi chilema chomwe."

Amayiwo anasendera pafupi, n'kuyamba kuwerenga ndi nsonga ya cholembera pa galasi la kompyuta. Anawerenga kawiri. Kenako anaseka, kuseka kwa munthu amene sanagone mokwanira.

"Zinayidi. Komiti ya anthu asanu ndi awiri, misonkhano itatu, palibe anaona."

"Anajambula ndani?"

"Kalaliki wathu wina amadziwako kompyuta. Komiti inamupatsa zingapo zimene inazikonda, inati atolemo maganizo."

"Maganizo! Watola mbalame yonse, ndi mchira womwe! Munati palibe chafika pamene mumafuna. Chosafikacho chikukwera bwanji mabasi makumi anayi?"

Anatsegula chikwama chija, n'kufufuza, n'kutulutsa pepala lopindika pakona.

"Lamulo la khumi ndi chiwiri. Zonse zotumizidwa zidzakhala katundu wa kampani. Munachonga kabokosi, achimwene?"

Ndinachonga. Popanda kuchonga kabokosiko batani lotumizira silinkayaka. Ndimakumbukira kuti ndinawerenga lamulolo, ndinatukwana, ndinachonga.

"Sindikunena kuti ndi zabwino," anatero amayiwo. "Ine ndangotumidwa zomata."

"Mphoto sindikuifuna." Ndinaloza pa galasi la kompyuta. "Dzina lokha. Timalemba ting'onoting'ono pansi pa mchira. Munthu achite kuwerama kuti awerenge."

"Ndikafunsa. Koma komiti ija inamaliza ntchito yake, inabalalika. Sindikudziwa kuti ndikafunsa ndani." Anabweza pepala lija m'chikwama. "Poti chilemacho mwachiona ndinu, tikonzerenitu. Tingachite manyazi pamsewu."

Foni yawo inalira, anatuluka kukayankhira pakhonde.

Ndinaimirira. Sindikudziwa kumene ndinkapita. Abwana sanandigwire, sanakalipe. Anangokhala pa katoni ya mapepala, popeza mpando wawo anali atabwereketsa, n'kuyang'ana makina aakulu osindikizira zomata, ofundidwa nsalu kuyambira mwezi watha.

"Tili anthu anayi muno," anatero. "Ukakana, apita kwa osindikiza a tsidya la msewu. Kumeneko akachijambula mmene chililimu, ndi nthenga zinayi zomwezo, mwina n'kuchipindanso mlomo. Dzina lako silikhalapo kuno, silikhalapo uko. Ine sindikukakamiza. Ndatopa, Tsabola."

Ndinaganiza za mabasiwo. Amadutsa pa msewu wa kwathu m'mawa uliwonse. Ndidzakhala ndikuwaona popita kuntchito, pobwera, zaka ndi zaka, ndipo aliyense adzangoona mbalame yobiriwira. Ine ndekha ndidzakhala ndikuwerenga nthenga.

Ndinakhalanso pansi. Ndinalowetsa fulashi, ndinatseka chithunzi cha kalaliki uja, ndinatsegula fayilo yanga. Mizere inali yakuthwa mmene ndinaisiyira. Kusintha buluu kukhala wobiriwira sikunatenge nthawi. Nthengayo ndiyo inandichedwetsa, chifukwa sungangokopera ya phiko linalo, mphepo imaigunda mosiyana. Ndinaipinda, ndinaiwongola, ndinaipindanso pang'ono mpaka inagona bwino pakati pa zinzake.

Amayiwo anabwerera, n'kusuzumira pamwamba pa phewa langa.

"Eee, tsopano ndiye ikuulukadi. Muli ndi dzanja, achimwene. Chaka chamawa kuli mpikisano wa yunifolomu, mudzayesenso."

Abwana anafundukula nsalu pa makina.

"Tiyambe ndi za kumanzere kapena za kumanja?" anandifunsa.

"Zilizonse," ndinatero.