Tsabola wa Don Anastasio

"Mutibweretsere tsabola wa bambo uja," Gilberto anauza mayi woperekera zakudya asanakhale n'komwe pansi. "Wowawa kwenikweni, osati wonyengerera ana. Mwamva?"

Mayiyo anali watsopano pamalopo. Anangogwedeza mutu n'kulowa kukhitchini.

Bambo ake a Gilberto, Don Anastasio, anali atakhala kale patebulo lapakona, chipewa chili pamaondo. Linali Lamlungu, tsiku lachisanu ndi chimodzi chiikireni maliro a mkazi wawo, Doña Herminia, ndipo m'masiku onsewo m'mimba mwa mkuluyu munangolowa khofi ndi theka la nthochi. Dokotala anali atanena mosapsatira: ndi matenda a shuga amene ali nawowa, akapitiriza chonchi mukumbanso manda ena mwezi usanathe.

Ana awiriwo anali atayesa zonse, abale. Ofelia, mwana woyamba, anaphika msuzi wa nkhuku, bambo n'kungouyang'ana ngati madzi otsukira mbale. Amayi obwera kudzapemphera kolona madzulo ankabweretsa zakudya zotentha zokulunga m'makoko a chimanga, iwo n'kuthokoza mwaulemu wonse, n'kusunthira mbale kumbali. Nzeru zitatha, Gilberto ndiye anaganiza zobwera nawo kuno kwa Doña Chole, kanyumba kodyeramo ka matebulo asanu ndi awiri kuseri kwa msika mumzinda wa Puebla. Makolo awo ankadya pano Lamlungu lililonse akatuluka mu Misa, zaka makumi atatu osadumphitsa.

"Ukubwerera liti?" Gilberto anafunsa mlongo wakeyo chapansipansi.

"Lachinayi, mapemphero a masiku asanu ndi anayi akangotha. Ukufunsiranji zomwe ukuzidziwa?"

"Ndiye Bambo uwasiyira ndani?"

"Iwe umakhala misewu inayi kuchokera kunyumba, Beto. Ine ku Monterrey ndili ndi ana apasukulu, ndili ndi ntchito."

"Ine ndimagona m'lole. Ndiziwadyetsa pafoni?"

"Ndikukumvanitu," anatero Don Anastasio osadzutsa mutu. "Wamwalira ndi mayi wanu, makutu angawa ali moyo."

Onse awiri manyazi anawagwira.

Tsono muyenera kudziwa kuti Don Anastasio ndi tsabola zinali nkhani. Msewu wawo wonse unatopa nako kudzitama kwawo. Ankati mwamuna wosatuluka thukuta pakudya ndi bwino azikhala kukhitchini. Kunyumba anali ndi kamtondo kawokawo kamwala, kwa Doña Chole analinso ndi kena, ndipo chiyambire ubwana wawo Ofelia ndi Gilberto sanalawepo zam'menemo. Ukangotambasula dzanja, mayi ankakumenya ndi supuni. "Wa bambo ako uyo! Ukufuna ubooke matumbo?"

Chakudya chinafika. Nkhuku yomira mumsuzi wakuda wa mole, nyemba, tortiya, timikate tija topyapyala tachimanga, zotentha zokutidwa m'kansalu, ndi kamtondo kodzaza tsabola wofiira psuu. Gilberto anang'amba tortiya, anakatapa mosaumira, n'kuika m'dzanja la bambo ake.

"Kamodzi kokha, Bambo. Chitirani ife."

Mkuluyo anayang'ana ana ake, wina kenako wina. Anawamvera chisoni, zinkachita kuoneka. Analuma.

Sipanathe nthawi. Nkhope inafiira, maso anatong'oka, chifuwa chinawagwira mpaka chipewa chinagwa pansi. Pofuna kugwira tambula anagubuduza madzi onse patebulo. Anthu amatebulo ena anasiya kudya. Ofelia ankawasisita pamsana, Gilberto ankangozungulira ndi kansalu m'manja osadziwa choti apukute.

Mpweya utabwerera, Don Anastasio anapukuta m'maso ndi chikhatho.

"Mwaona?" anatero ndi mawu osasa. "Ngakhale tsabola wandikana. Herminia wapita ndi lilime langa lomwe. Tiyeni kunyumba, ana inu, musandivutitsenso."

Ofelia anamva mtima kusweka, ndipo chisoni chitasowa kopita chinasanduka mkwiyo. Ananyamula kamtondoko n'kulunjika kukhitchini osaodira.

Doña Chole anali pachiwaya, akutembenuza tortiya ndi zala. Maondo anasiya kale kuwalola kuzungulira matebulo, moti sankadziwa kuti m'nyumbamo mwabwera ndani.

"Mwathiramo chiyani umu?" Ofelia anafunsa. "Mufuna kutiphera bambo?"

Mayi wachikulireyo anamuyang'anitsitsa. "Si iwe Ofelia wa Herminia?" Kenako anaona kamtondoko, ananunkhiza, n'kugwira kumutu. "Mayi Maria! Mwawapatsa uyu? Uyutu ndi wa madalaivala obwera ndi matsire! Waitanitsa ndani?"

"Gilberto. Wanena kuti tsabola wa bambo, wowawa kwenikweni."

"Wowawa!" Doña Chole anaseka, koma kunali kuseka kwa munthu wofuna kulira. "Mwana wanga, bambo ako papita zaka makumi atatu asanalawe tsabola."

Ofelia anangoima, kukamwa yasa.

"Khala pabokosipo, usandigwere pamoto. Atadwala zilonda zam'mimba, dokotala anawaletsa tsabola. Iwo akuti bola kufa. Ukuwadziwa bambo ako, mutu ngati mwala woperapo chimanga. Ndiye mayi ako Lamlungu lililonse ankati akubwera kudzandipatsa moni, n'kumasinja okha pakona apo. Matimati ootcha, adyo, mchere, ndi tsabola wouma wosawawa uja wongopatsa mtundu ndi fungo la utsi. Akabwerera kutebulo, bambo ako ankawakankhira kamtondo kuti alawe ngati ali olimba mtima. Mayi ako amvekere kunyambita pang'ono, kenako kudzikupiza pakamwa, kukuwa, kupempha madzi. Aa, Herminia! Bambo ako akatero ndiye ankatukumuka ngati nkhukutembo, n'kumaliza mbale ziwiri."

Akulankhula choncho manja anali atayamba kale ntchito. Matimati atatu anali pachiwaya, khungu likuthetheka.

"Mwezi wathawu mayi ako anabwera pataxi, atatha ngati chingwe. Anakhala pomwe wakhalapo, n'kundisinjitsa kanayi mpaka ndinakhoza. Akuti, 'Chole, ukadzamuuza mwamuna wanga ndizidzakukoka miyendo kutulo.' Ndikanadziwa kuti mwabwera, zimenezi sizikanachitika."

"Ine sanandiuzepo," anatero Ofelia. Mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana.

"Akanakuuza nthawi yanji? Umabwera pa Khirisimasi, masiku atatu, foni ili kukhutu." Doña Chole sananene mokalipa ayi, anangonena ngati mmene munthu amanenera kuti kunja kukugwa mvula. Zinamupweteka Ofelia chifukwa zinali zoona.

Atatha kusinja, mayiyo anavula epuloni, ananyamula yekha kamtondoko, n'kuyenda chotsimphina mpaka patebulo lapakona. Don Anastasio anali atavala kale chipewa, Gilberto akuwachonderera kuti adikire pang'ono.

"Don Tacho, pepani ndi zovutazi, komanso pepani ndi zamanyazi zachitikazi," Doña Chole analankhula mokweza kuti nyumba yonse imve. "Akupatsani wadzana wosasa, wotsamwitsa ngakhale bulu. Wanu weniweni ndi uyu. Mumzinda muno palibe wina angamuyandikire."

Mkuluyo anayang'ana kamtondoko kwa nthawi yaitali. Fungo lake analidziwa, mphuno zinachita kugwedezeka. Anavulanso chipewa. Kenako dzanja lawo, lokha, lopanda kufunsa mutu, linakankhira kamtondoko kumanzere, pampando wopanda munthu.

Dzanjalo linatsalira pomwepo patebulo, losadziwa kobwerera.

Ofelia anazungulira tebulo n'kukhala pampandopo. Anang'amba kachidutswa ka tortiya, anasunsa kunsonga kokha, n'kuika palilime. Matimati, mchere, kautsi pang'ono. Khanda likanatha kudya.

"Mayo ine!" anakuwa, akudzikupiza pakamwa ndi manja onse awiri. "Madzi, Beto, madzi! Bambo, moto umenewu mumaumeza bwanji?"

Misozi sanachite kuifunafuna, inali pafupi kale. Gilberto, posamvetsa kalikonse, anatambasula dzanja kuti alaweko naye, Ofelia n'kumumenya pazala.

"Wa bambo ako uyo!"

Don Anastasio anatulutsa kamawu pamphuno, kosafika pa kuseka.

"Lilime lamwana," anatero. "Wangotengera mayi ako."

Anatenga tortiya, anaipinda, anatapa mpaka kudontha, n'kuluma. Anatafuna pang'onopang'ono, n'kumeza. Ana awiriwo ankayang'ana pakhosi pawo ngati pali chozizwitsa. Ofelia anasunthira mbale ya nkhuku pafupi nawo, mtima uli m'mwamba kuti mwina apitiriza okha.

Sanapitirize. Anapukuta zala pakansalu, anakankhiranso kamtondoko kwa Ofelia, n'kudikira.