Chitsulo Chodindira Akapolo

Mwamuna wanga, Don Gaspar de Ulloa, bwanamkubwa wa chilumba chino m'dzina la mfumu ya Spain, salola msilikali kuyesa ngati chitsulo chodindira akapolo chapsa. Amachilavulira yekha, malovu akathetheka n'kumwetulira.

Lachisanu ndinamva kuthethekako ndili pakhonde. Pamzere wa opita ku migodi ya golide panali Leonor, mbadwa ya pachilumbachi, amene ankayamwitsa mwana wathu chifukwa ine mkaka unandiuma.

"Gaspar, ameneyo ndi wa m'nyumba mwathu. Mwana ayamwa chiyani?"

"Mbuzi zatha kodi, Doña Mencía? Tengani imodzi, nayonso muibatize Leonor."

Asilikali anaseka. Anamudinda Leonor patsaya, fungo lake n'kufika pakhonde. Masana Gaspar anadya nyama yowotcha, akudandaula kuti mchere wachepa.

Lero ndi tsiku lachitatu mwana akulavula mkaka wa mbuzi. Kulira kwenikweni wasiya, akungoyasamula. Ndauza Gaspar, ndipo wati ana amabadwa ena.

Ku migodi ndi ulendo wa tsiku limodzi pa bulu. Ndikam'peza Leonor, mwana akayamwa. M'thumba ndaika matewera, buledi, mpeni ndi chitsulo chija. Mawa Gaspar akafuna cholavulira, alavulire m'manja mwake.