Mfuti yosadya za m'sitolo

Nkhosa za Maite Arrieta zinayamba kuswa chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chisanasungunuke m'zigwembe, ndipo nkhandwe sizinachedwe kumva fungo. Sabata yoyamba yomweyo zinatenga tiana tiwiri. Kenaka m'mawa wina Maite anapeza nkhosa yaikazi itaima pachitunda ikulira, bere litatupa ndi mkaka, pansi pali ubweya ndi timiyendo basi.

Zaka zonse za ukwati wawo, nkhandwe inali ntchito ya mwamuna wake, Fermin. Koma m'nyengo yozizira Fermin anagwa ndi sitiroko. Anachoka kuchipatala ali pa njinga ya olumala, dzanja lamanja lili lende, lilime litalemera. Mawu amene anatsala nawo anali "ayi" ndi kutukwana kumodzi kwa m'Chibasiki, chinenero cha makolo ake, kumene anaphunzira kwa bambo ake.

Kuwombera Maite ankakudziwa kuyambira ali mtsikana. Vuto linali mfuti. Fermin, munthu wosakhutira ndi zopanga anzake, anaipititsa kwa mmisiri kalekale kuti izidya chipolopolo chakechake. Fermin ankatenga chigoba chamkuwa cha mfuti yaikulu n'kuchipana khosi mpaka ligwire kachipolopolo kochepa ngati nyemba, kumbuyo kuli wonga wochuluka. Kankauluka mowongoka, n'kupeza nkhandwe iyo ikudziyesa kuti ili kutali. M'sitolo iliyonse ya m'dera lawolo la Wyoming, ku America, munalibe zotere. Ankadzipangira yekha m'kashedi kuseri kwa nyumba, ndipo m'bokosi munali mutatsala chipolopolo chimodzi.

Lamulungu kunabwera Domingo, mng'ono wake wa Fermin, nakhala pathebulo kudya nyemba zophikira nyama ya nkhosa.

"Mlamu, tinene zoona," anatero akunyema buledi. "Ziwetozi zakukulira. Gulitsa, mukakhale kutauni ya Buffalo pafupi ndi dokotala."

"Wamva kwa ndani kuti ndikugulitsa?"

"Nkhandwe zikukugula kale, kamodzikamodzi. Chabwino, tenga mfuti yanga, ya anthu, yodya za m'sitolo. Chidole cha achimwenechi chipachike pakhoma, chatha ntchito."

"Ayi!" anatero Fermin.

Domingo sanatembenuke n'komwe. "Usamumvere. Ngakhale khofi ukamupatsa amati ayi."

Maite anayang'ana mwamuna wake. Khosi linali litafiira, maso ali pansi. Maite anadzuka, nachotsa mbale ya Domingo nyemba zikadalimo.

"Wakhuta. Ndipo m'nyumba muno munthu sakambidwa ngati wafa iye ali pomwepo. Chitseko ukuchidziwa."

Pikiapu ya Domingo isanazimirike, Maite anali akukankha njinga ya Fermin m'matope kupita kukashedi. Munkanunkha mafuta ndi mbewa. Anamuika pafupi ndi thebulo, dzanja lamanzere pathabwa.

"Tamvera, nkhalamba iwe. Ayi uli naye kale. Ukafuna kuvomera, gogoda. Wamva?"

Fermin anagogoda.

Maite anatenga chipolopolo chotsala chija. Akanatha kuchisunga, koma chimodzi chingaphe nkhandwe zingati? Anachizula mutu, nakhuthulira wonga pa kasikelo, n'kudikira muvi ukhazikike. Muyezo unadziwika. Mtundu wa wonga ndiye ayi, pakuti pashelefu panali zitini zingapo, ndipo kusokoneza zimenezo n'kutaya nkhope. Ananyamula choyamba. "Ayi." Chachiwiri. "Ayi." Atagwira chachitsulo chakuda chakumapeto, thabwa linalira.

Anayeza wonga wofanana ndi umene anakhuthula uja.

"Ayi."

"Ayi chiyani? Si muyezo wako womwe uwu?"

Fermin anatsitsa chala pansi, kawiri. Maite anatapako pang'ono. Chala chinalozabe pansi. Anatapanso, mpaka anamva kugogoda. Apo m'pamene anakumbukira zimene ankamva zaka zonse akudutsa ndi ndowa pakhomopo: wonga umayamba nawo pansi, n'kumakwera pang'onopang'ono, mfuti ikuuze yokha polekera.

Zigoba ndizo zinamukhaulitsa. Choyamba anaiwala kuchipaka mafuta, chinakakamira m'chopanira, mpaka anachita kuchigogoda ndi hamala. Chachiwiri anapaka ochuluka, chinatuluka phewa litabonyoka. Chachitatu anatsitsa mkono wa chopanira mwaukali, khosi linakwinyika ngati sokosi. Fermin anatulutsa kutukwana kwake kuja, konse, momveka bwino ngati wansembe paguwa.

"Pa mawu onse a dziko lapansi, Mulungu anakusiyira amenewo?"

Mapewa a Fermin anayamba kugwedezeka. Maite anaganiza kuti watsamwa, koma ayi, ankaseka, pakamwa patapotoka, misozi ikutsika tsaya limodzi. Chigwereni anali asanasekepo.

Tsiku loyesa, Maite anamangirira mfuti pa tayala lakale, nakoleka chingwe pa kachitsulo kowombera, iye ndi Fermin n'kubisala kuseri kwa thirakitala. Domingo anatulukira nthawi yomweyo, ati wabweretsa mankhwala a nkhosa.

"Ha! Mfuti yoiopa mwini wake? Mlamu, ndiitaniretu ambulansi?"

"Ima patsogolo pakepo tione ngati ikugwira."

Anakoka chingwe. Phuu! Agalu anathawira pansi pa nyumba. Mfuti inali yamphumphu. Maite anatulutsa chigoba chikadali chofunda nachiika m'dzanja la Fermin. Iye anachizunguza ndi chala chachikulu, kufufuza mng'alu kapena kutupa, kenaka anagogoda pa chitsulo cha njinga. Domingo anasiya mankhwala pampanda n'kumapita.

Kukweza wonga kunatenga masiku, ndipo nkhandwe sizinadikire. Zinatenganso ana atatu. Tsiku lina mtima unamupsa Maite, nawonjeza wonga kuposa mmene Fermin anavomerezera. Mfuti inakana kutseguka mpaka anachita kuimenya ndi chikhatho, ndipo chigoba chinatuluka chitang'aluka. Fermin anamuyang'ana osaphethira. Maite anabwerera pa muyezo wadzulo lake, ndipo pamenepo zipolopolo zinayamba kugwera malo amodzi papepala.

M'mawa woyamba kukabisalira anaphonya. Mawondo anali atauma ndi chisanu, mpweya ukuphimba galasi la mfuti, ndipo fumbi linabuka kumbuyo kwa nkhandwe. Inathawa, ikafika patali n'kuima kumuyang'ana. Maite anabwerera kunyumba, nakapanga zipolopolo zina.

M'mawa mwake anagona chafufumimba pamalo ena, mphepo ikumuomba kumaso. Dzuwa likutuluka anaona nkhandwe, yaimuna yaikulu, ikuyenda chozemba m'tchire kulunjika nkhosa imene inali itangoswa mapasa. Inali kutali kwambiri, kumene mfuti ya Domingo ikanafuna kuganizira kaye. Maite anatulutsa mpweya theka, nakoka kachitsulo kowombera. Nkhandwe inagwa pomwepo. Nkhosa zinabalalika pang'ono, kenaka zinayambanso kudya.

Anaikokera kupikiapu, nakaimika galimoto pansi pa zenera la Fermin kuti aione bwino. Kugogoda kwake kunamveka mpaka panja.

Nkhandwe sizinathe, ndipo chaka chimenecho Maite anataya ana ambiri kuposa zaka zonse. Koma otsala anali ochuluka, onenepa. Tsiku lowadula michira, ali m'khola magazi ali m'mikono, anaona Domingo akutsika galimoto ndi munthu wachilendo wovala chipewa choyera ndi nsapato zopukuta.

"Mlamu, awa ndi a Prewitt, amagula nkhosa. Angofuna kuona, kuona chabe."

Maite anayang'ana nsapato zija, nayang'ananso gulu la ana limene linali lisanadulidwe.

"Mwafika bwino, bambo, manja amatichepera. Kuno nkhosa sitionera kunja kwa mpanda." Ananyamula kamwana kamatope nakakankhira pachifuwa cha mlendoyo. "Gwirani miyendo yonse inayi, matako aloze kuno. Iwe Domingo, usangoti tuzu, tseka geti zingatuluke."